Mawondo a Ntchefu za pa Nyika

Dzina langa ndine Zakeyu Msiska, wa ku Henga, kufupi ndi Phwezi. Sukulu ndinalekezera sitandade 2, choncho amene apeze chilembo chopindika m'kope lino achiwongole yekha, asadzandifunse. Ndalemba m'Chichewa chifukwa adzukulu anga a ku Lilongwe Chitumbuka chimangowadutsa pamutu ngati ndege. Chichewacho ndinachitola ku Kasungu, kumene ndinagwira ntchito pa chigayo cha dizilo kuyambira tsitsi lili lakuda mpaka litayera lokha popanda ufa. Kwathu amanditcha Wayilesi. Ati ndikamayankhula ndi mkazi wanga m'nyumba, a kutsidya kwa mtsinje ndiwo amayankha. Ine ndimati munthu wonena zoona alibe chifukwa chonong'onera.

Ulendo umene ndikufuna muudziwe ndi umene ndinayenda ndi achimwene anga a Yeremiya, kuchokera ku Henga kukwera Nyika, pa lole, m'dzinja, nthawi imene munthu wanzeru amakhala m'munda mwake.

Ife awiri sitinabadwire ku Henga. Tinabadwira pamwamba, m'mphepete mwa Nyika, boma lisanatisamutse kuti malo aja atsalire nyama. Kumeneko kuli nyama imene Achewa amati ntchefu, ife timati sefu. Ndi yaikulu kuposa ng'ombe ya pangolo, koma imadumpha ngati mbuzi. Nkhunzi yake ikakula nkuyamba kutuwa, ikamayenda mawondo amalira. Amati tha, tha, ngati munthu akugundanitsa timitengo tiwiri touma, ndipo umaimva usanaione. Izi ndakhala ndikuwauza anthu a ku Henga zaka zonsezi. Amangoseka, ati Wayilesi yatsegulidwa.

A Yeremiya maso anafa zaka zinayi zapitazo. Ku chipatala anayesa, zinakanika. Akazi awo, alamu anga, atamwalira, achimwene anangolowa m'nyumba nkukhala. Kutchalitchi analeka, pakhonde analeka, chakudya nkumangochilawa. Tsiku lina ndikuwameta ndevu anandigwira dzanja.

"Zakeyu, nkhope za anthu ndaziiwala, ndipo sizindipweteka. Koma sefu ija ndikanangoimva kamodzi."

Mwana wawo Chimango, amene amagwira ntchito mu ofesi ku Mzuzu, atamva anabwereka galimoto yabwino nkupita nawo ku Nyika. Anawatenga mu Julaye, chifukwa ndi pamene iye anali pa tchuthi, ndipo msewu unali wouma. Ine anandisiya, ati mpando wasowa, koma ndinamva mphekesera kuti ankaopa ndikathamangitsa nyama ndi pakamwa. Anakapeza mphepo, mbidzi zitatu ndi udzu wouma. Achimwene anabwerako ndi chifuwa, ndipo kuchokera pamenepo ngakhale kudzuka pamphasa kunali kochita kuwakakamiza. Ndinaona kuti ndikangokhala, dzinja lina lidzawapeza kumanda.

Tamverani tsono, inu ophunzira. Ntchefu siyendera tchuthi cha munthu. Nthawi yozizira zimatsikira m'nkhalango nkubalalika, ndipo nkhunzi zazikulu zimakhala pazokha kumene msewu sufika. Zimakwera pamwamba nkusonkhana pamtetete nthawi yokwerana, ndipo ndi pamene nkhunzi zimayendayenda pakati pa zazikazi, mawondo akulira. Adada athu anatiphunzitsa kawerengedwe kake. Ntchefu imakhala ndi bere miyezi isanu ndi inayi, ngati munthu. Ndiye ukaona ana oyamba, werenga miyezi itatu kutsogolo, chaka chakwana, wafika pa nyengo imene makolo awo anakumana, ndipo akumananso. Ine ku Nyika sindipita, koma ndili ndi anzanga a ming'oma ya njuchi amene amaloledwa kulowa m'paki. Ndinawatuma maso. Anadzandiuza kuti aona tiana ta ntchefu masamba a miombo atangofiira. Ndinatenga luzi, mwezi watsopano ukaoneka nkumanga mfundo. Mfundo yachitatu ndinaimanga Khirisimasi ili pafupi.

Mkazi wanga NyaMhango anati, "Anzanu akuthira feteleza, inu mukukasaka mawondo. Mukakawaphetsa alamu anga m'matope, pakhomo pano musabwererepo."

Komabe anatiphikira chinangwa ndi mazira, nkuwaveka achimwene majuzi awiri ndi chipewa changa cha ubweya, chimene sanandipemphe n'komwe.

Tinanyamuka Lolemba m'mawa. Minibasi ya pa Phwezi inali itadzaza kale, koma nditauza kondakitala kuti uyu ndi mkulu wanga ndipo sakhala pa kabenchi ka pakhomo, anthu anasuntha okha. Achimwene anakhala pazenera, ngakhale zenera analibe nalo ntchito. Pa mphambano ya Bwengu tinatsika nkukwera ina. Tikuwoloka pa Njakwa anamva mkokomo wa madzi pansi pa mlatho nkunena kuti, "Rukuru wadzaza." Amenewo ndiwo anali mawu awo oyamba tsiku limenelo, ndipo ine ndinawabwereza mokweza kuti minibasi yonse imve.

Magalimoto okwera Nyika si ambiri, makamaka m'dzinja. Koma pa Rumphi boma pamapezeka malole amene amadutsa m'paki kupita ku Nthalire, ndipo ku Nthalire kuli mwana wa mlongo wathu, choncho kofikira tinali nako. Lole imene tinaipeza inali ya a Gondwe, munthu wamtali wosakonda kuyankhula. Kumbuyo kwake kunalembedwa kuti Pachoko Pachoko, kutanthauza pang'onopang'ono. Ndinalipira ya anthu awiri, nkunenetsa kuti achimwene akhala kutsogolo.

"Tinyamuka nthawi yanji, a Gondwe?"

"Sitata ikabwera, adada."

"Ili kuti sitatayo?"

"Ku Mzuzu."

Sitata ndi chitsulo chimene chimaliza injini ukapotoza kiyi. Ya a Gondwe inali itapsa. Tinadikira Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, tikugona kwa achibale a NyaMhango kuseri kwa msika. M'mawa uliwonse ndinkawatsogolera achimwene ku siteji, nkuwakhazika pa thumba la feteleza pansi pa mtengo, ine nkumazungulira loleyo luzi langa lili m'manja. Minibasi iliyonse yochokera ku Mzuzu ndinkaithamangira, nkufunsa dalaivala ngati wanyamula chitsulo cha a Gondwe. Pofika Lachiwiri ankandikana asanaime n'komwe, akungopukusa mutu pazenera. Ndinauza a Gondwe, ndinauza ogulitsa nthochi, ndinauza ngakhale wapolisi wina wongodutsa, kuti nyengo ya ntchefu ikutha ife tili pansi pa mtengo. Mazira a NyaMhango anatha tsiku loyamba, ndipo ambiri ndinadya ndine, chifukwa achimwene ankangosenda nkundipatsa.

Podikirapo tinadziwana ndi amayi awiri a ulendo womwewo. Wina anali NyaKumwenda, namwino wopuma, wa magalasi ndi ambulera, amene ankapita kukaona mdzukulu wobadwa kumene. Wina anali NyaMwafulirwa wa ku Chiweta, wa matumba asanu a usipa wouma, amene ankangoyang'ana mitambo nkumang'ung'udza poopa kuti usipa wake uchita chuku.

NyaKumwenda analanda luzi langa nkuwerenga mfundozo ndi chala.

"Adada Msiska, ine ndawerengera azimayi miyezi moyo wanga wonse. Masamu anu ali bwino. Koma ndikuuzeni, ndi ana ochepa amene anabwerapo pa tsiku limene ndinalemba pa khadi."

"Amama, munthu ndi munthu. Sefu sinama."

"Nanga mwamuna wa sefuyo mwamuimbira foni kuti mukubwera?" anatero NyaMwafulirwa.

Siteji yonse inaseka. Achimwene okha ndi amene sanaseke.

Lachinayi m'mawa sitata inafika, itakulungidwa m'nyuzipepala. Inali ya galimoto ya mtundu wina. A Gondwe anaiyang'ana, anayang'ana kumwamba, nkuiponya pansi pa mpando.

"Kwerani, tiziikankha. Koma ndikailiza sindizimitsanso, pokhapokha pamtsetse."

Mawu amenewo analowa khutu ili nkutulukira ilo. Ndinadzawakumbukira mawa lake.

Tinaikankha amuna asanu ndi mmodzi kutsikira cha ku msika, inatsokomola kawiri, inalira. Achimwene anakhala kutsogolo ndi NyaKumwenda, ine kumbuyo pamwamba pa feteleza, pansi pa lona, mphuno ili pa usipa. Pa Bolero tinaima kuti akwere ena awiri ndi malata, injini ikulirabe, ndipo amene anapita kuseri anabwerako akuthamanga akumanga lamba, chifukwa a Gondwe sadikira. Chigwa cha Nkhamanga chinali chobiriwira ndi fodya, anthu ali m'mizere kupalira. Ena ankaimika makasu nkutiyang'ana, ngati akudziwa kuti munda wanga ndausiya wokha.

Phula litatha anayamba matope ofiira aja. Lole inkayenda chammbali ngati nkhanu. Mvula inatipeza, lona linali ndi chibowo pamwamba penipeni pa khosi langa. Pa kamtsinje kena ka mlatho wa matabwa a Gondwe anachepetsa moto kwambiri, injini nkuzima pomwepo, patsinde pa chitunda.

Pamenepo ndi pamene tinadziwa ntchito ya sitata. Tinatsitsa malata, tinatsitsa feteleza, tinatsitsa usipa, tinadula nthambi, tinakankha chambuyo, tinakankha chamtsogolo. Ine ndinali kapitawo wa mawu, ndikuti, "Limodzi, limodzi," mpaka NyaMwafulirwa anati, "Asekuru, mphamvu ya pakamwayo mukanaiika m'mapewa bwenzi tili ku Chitipa." Nsapato yanga yakumanzere inamira m'matope momwemo, ndipo ikadali komweko. Lole inadzalira dzuwa litapendeka, thirakitala ya pa esiteti ina itatikoka. Pa Thazima, pa chipata cholowera m'paki, tinafika atatseka kale. A Gondwe anaimika lole pamtsetse, mphuno kuloza kumunsi, mwala kutsogolo kwa tayala, ndipo tinagona pakhonde la sitolo.

M'mawa chipata chitatsegulidwa, mayi wina wa gemu, woteteza nyama za m'paki, wa yunifolomu yobiriwira ndi mfuti paphewa, ankalemba mayina a odutsa. Anali a Nangozo, kwawo ku Ntcheu. Anapempha a Gondwe kuti awatengeko, chifukwa ankapita kukalandira mnzawo pa kampu ya pamwamba. Ndinati uyu ndiye mboni yanga. Ndinawafotokozera zonse, luzi ndi mfundo zake, mokweza kuti NyaMwafulirwa amve.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Agogo, za mawondozo ndi zoona, ndinazimvapo ndi makutu angawa. Koma chaka chino mvula pamwamba inachedwa. Sabata yatha ndinali komweko. Zazikazi zinayamba kukwera, koma nkhunzi yaikulu sindinaone ngakhale imodzi. Mwina mwafulumira."

"Ndafulumira bwanji, poti ndachedwa masiku anayi?"

"Kaya, agogo. Ine ndikungonena zimene ndinaona."

Ndinakhala pa mwala. Ndinali nditatulutsa munthu wodwala m'nyumba, kumugoneka m'makonde, kumunyowetsa ndi mvula, ndipo ndinadziwa kuti ulendo wachitatu sudzakhalapo. Achimwene anali atamva zonse. Anandikodola ndi dzanja, ndinawayandikira.

"Zakeyu, adada ankati chiyani?"

"Ankati werenga miyezi itatu."

"Iwe unkathawa asanamalize, kuthamangira kukauza anzako. Ankati werenga miyezi, ukatero ukagwire udzu. Msipu watsopano ukabisa nkhonya, nkhunzi zakwera. Ukapanda kubisa, bwerera kunyumba."

"Nanga bwanji simunanene tili kunyumba?"

"Kunyumba kuli udzu wa pa Nyika?"

A Gondwe anachotsa mwala, lole inatsetsereka, inalira, anaitembenuza, tinalowa.

Kuchokera pa Thazima msewu umakwera m'nkhalango nthawi yaitali, kukhota ndi kukhotanso. Kenako mitengo imangotha, umapezeka uli pa mapiri a udzu okhaokha, mphepo ikuluma makutu. Tsiku limenelo kunali nkhungu yoti mphuno ya lole siinkaoneka bwino kwa ife a kumbuyo. Ine ndinali zii. NyaMwafulirwa mpaka anandifunsa ngati mabatire a Wayilesi atha.

Pa malo ena oterera a Gondwe anatiuza kuti titsike lole ipepuke, injini ikulirabe. Achimwene anati nawonso atsika. Ndinawatsogolera kumbali kwa msewu, pamene moto unadutsa chilimwe ndipo msipu unali utaphuka. Anagwada pa udzu wonyowawo, anakunga nkhonya nkuiika pansi. Anakhala choncho kanthawi, dzanja linalo likusisita pamwamba.

"Wabisa?" anafunsa.

"Wabisa, achimwene."

"Usaname, Wayilesi."

NyaKumwenda anawerama, nkukonza magalasi. "Wabisa, adada. Koma pang'ono pokha."

A Nangozo nawo anayang'ana nkudabwa. "Sabata yatha sunali chonchi. Mvula ya masiku atatuwa ndiyo yaukoka. Mukanafika Lolemba, nkhonyayo ikanaonekera."

A Gondwe anasuzumira pazenera. "Ndiye muthokoze sitata yanga, adada."

Imeneyo ndiyo nthabwala yoyamba imene ndinaimva kwa munthu ameneyo pa ulendo umenewu.

Tinakweranso. Tinayenda mwina ola limodzi. Nkhungu inayamba kung'ambika, dzuwa likulowa m'mipata. A Nangozo, amene anaima kumbuyo nafe atagwira chitsulo, anagogoda denga la dalaivala, lole inaima. Analoza kumanzere.

Zinali pamenepo, kutsidya kwa kachigwa kosazama, zambiri kuposa ng'ombe za pa dibi tsiku losambitsa. Zazikazi zofiirira, tiana tili m'mbali. Ndipo pakati pawo panali nkhunzi zitatu zotuwa ngati miyala. Imodzi inali chakuno, ikuyenda pang'onopang'ono motsatira yaikazi.

Pakamwa panatseguka pokha. "Izo!"

Mitu yonse kutsidya kuja inadzuka. A Nangozo anandiphimba pakamwa ndi dzanja, ine nkhalamba ya adzukulu.

"Agogo, mukangobwerezanso zapita."

Sizinathawe. Patapita kanthawi zinaweramanso nkuyamba kudya. Ndinatsika mwakachetechete kuseri kwa lole, nkuzungulira kufika pazenera la achimwene. Anali atatulutsa mutu, chipewa atavula, khutu ataloza kumene kunachokera mphepo.

"Ndikumva dizilo yekha," anatero.

Apo ndi pamene mawu a a Gondwe aja anandibwerera. Malo amene tinaima anali osalala ngati bwalo la mpira, ndipo kutsogolo kunali matope ndi kachitunda. Ndinafunsa a Nangozo ngati tingayende pansi kutalikirana ndi lole. Anakana. Anati ntchefu zinazolowera galimoto, koma zikaona munthu akuyenda pamtetete zimathawa mpaka kuseri kwa phiri.

"Pano sindizimitsa, adada," anatero a Gondwe ndisanapemphe n'komwe. "Mtsetse palibe, thirakitala kulibe. Ikazima pano tigona ndi afisi."

"Usipa wanga wanyowa kawiri kale," anatero NyaMwafulirwa ali pamwamba. "Ana anga adya mawondo?"

Ndipo sankalakwa. Usipa umenewo ndiwo unali munda wake.

Ine Zakeyu Msiska ndakangana ndi makapitawo, ndakangana ndi akulu a mpingo, koma kupempha munthu chapansipansi ndinali ndisanachitepo. Ndinazungulira kupita ku chitseko cha a Gondwe, phazi limodzi lili ndi nsapato, lina lili m'matope. Ndinagwira chitsekocho ndi manja awiri, nkutsitsa mawu mpaka ine mwini sindinkadzimva.

"A Gondwe, mwana wanga, mkulu wangayu sadzabweranso kuno. Ndipatseniko nthawi yoti munthu nkumwa kapu imodzi ya tiyi. Ndikankha ndekha."

"Mukankha nokha ndi nsapato imodzi?"

"Ine ndikankha nawo," anatero NyaKumwenda, akupinda kale manja a juzi.

"Inenso," anatero a Nangozo.

Amuna a malata aja anagwedeza mitu. Kenako tonse tinayang'ana NyaMwafulirwa. Iye sankayang'ana ife. Ankayang'ana pansi, pamene mutu wa imvi wa achimwene unatulukira pazenera, khutu lili tcheru, pakamwa pali yasa ngati mwana wodikira mankhwala. Anapumira m'mwamba, nkumanga chitenje chake mwamphamvu m'chiuno.

"Zimitsani, a Gondwe. Koma nyamayo ikapanda kulira, asekuru awa andisenzera usipa mpaka ku Nthalire."

A Gondwe anapotoza kiyi.

Lole inanjenjemera nkukhala bata. Palibe anatsokomola. Nkhunzi ija inali pa mtunda wonga kuchokera pa tchalitchi chathu kufika pa mjigo. Ndinaiona ikunyamula mwendo wakutsogolo, ikuponda, ikunyamula wina. Ndinadikira. Palibe chimene ndinamva, koma kaphokoso kaja ka nzii kamene kamakhala m'mutu mwanga usana wonse. Inayendanso masitepe anayi. Palibe. Ndinati basi, nyama yandichititsa manyazi pamaso pa anthu, ndipo mkulu wanga ndamuvutitsa pachabe.

Ndinatembenuka kuti ndione nkhope zawo. A Nangozo ankagwedeza mutu pang'onopang'ono. NyaMwafulirwa anali atagwira pakamwa. A Gondwe anali atapendeketsa mutu ngati akumvetsera injini yabwino. Ndipo achimwene, amene ndinali ndisanaone mano awo chimwalirire alamu anga, mano onse asanu otsala aja anali pamtunda.

Onse ankamva. Ine ndekha ndi amene sindinkamva.

NyaMhango wakhala akundiuza zaka zambiri kuti makutu anga anatsala pa chigayo cha ku Kasungu, ndipo kuti ndimakuwa chifukwa sindidzimva. Ndinkati ndi mwano wa akazi. Ndinadzavomera nditaima pa Nyika ndi nsapato imodzi.

Ndinabwerera pazenera la achimwene. Dzanja lawo linatsika likufufuza, linandipeza paphewa, linandikoka mpaka pakamwa pawo panafika pakhutu langa.

"Ukumva, Zakeyu?"

Ndikanatha kunama. Munthu wosaona sakanandigwira.

"Ayi, achimwene."

Anandikokanso paphewa. "Nanga ukuiona?"

"Ndikuiona."

"Ndiuze."

Ndinaika pakamwa pakhutu lawo nkuyamba kunong'ona. Ndinati ndi yotuwa, khosi lake ngati thunthu la mkuyu, chikopa cha pakhosi chikulendewera mpaka m'mawondo. Ndinati pamphumi yadzipaka matope, ubweya wa pamenepo waima ngati tsumba. Ndinati ikutsatira yaikazi yofiirira ya nyanga imodzi yopindika, ndipo yaikaziyo ikudya ngati sikudziwa kanthu. Ndinati nkhunzi yachiwiri ikubwera chakumanja, koma yaima, yaona kuti siilimba.

Ndikunena choncho, dzanja lawo linatsikira pamkono panga, chala chimodzi nkuyamba kugogoda. Tha. Tha. Ndinayang'ana nyama ija. Chala chikagogoda, mwendo wakutsogolo unali ukunyamuka. Chikagogodanso, wina. Nyamayo ikaima, chala chinkaima. Sichinaphonye ngakhale kamodzi. Iwo anali ndi makutu, ine ndinali ndi maso, ndipo pakati pa ife awiri panali ntchefu yathunthu, monga tinkaidziwira tili anyamata.

Kapu ya tiyi imene ndinapempha inakhala ketulo yonse. Palibe anatifulumiza. Nkhungu inabwereranso yokha nkuphimba kachigwa kaja, ndipo chala chinagogodabe kanthawi ine ndisakuonanso kanthu, kenako chinasiya.

"Yewo chomene, a Gondwe," anathokoza motero achimwene m'Chitumbuka. "Tsopano nditsitseni, ndikankhe nawo."

Tinawaletsa, anakana. Ndinawatsogolera kumbuyo, nkuika manja awo awiri pa zilembo zija za Pachoko Pachoko. Tinakankha koyamba, inangotsokomola. Kachiwiri inaterereka chammbali, NyaKumwenda nkukhala pansi m'matope ndi ambulera yake. Tinatsitsanso malata ndi feteleza, tinayala udzu pansi pa matayala, tinapuma, tinakankha kachitatu mpaka pamwamba pa kachitunda kaja, ndipo potsika kuseri inalira. Nthawi yonseyo sindinakuwe limodzi limodzi. Anakuwa ndi NyaMwafulirwa.

Titakwera, NyaMwafulirwa anamasula thumba limodzi, anatapa usipa wodzaza manja awiri nkuupereka pazenera kwa achimwene. Kenako anandiyang'ana.

"A Wayilesi, simunaname."

"Mwati chiyani, amama?"

Ndinali nditamva bwinobwino, koma ndinafuna abwereze, ndipo anabwereza mokweza lole yonse inamva.

A Nangozo anatsika pa mphambano ya ku kampu yawo. Ife ku Nthalire tinafika dzuwa likulowa. Achimwene anali atamaliza usipa uja m'njira, ndipo kwa mwana wa mlongo wathu anadya nkupempha china. Tinakhalako masiku atatu, anandigulira nsapato za pulasitiki, tinabwerera pa lole ina ya sitata yake. Munda ndinaupeza utamera udzu, NyaMhango ndinamupeza atakonzeka kundikalipira, koma ataona alamu ake akutsika minibasi akuseka, anangolandira chikwama.

Lero a Yeremiya amakhala pakhonde. Kutchalitchi ayambiranso, ndipo nkhani ya ulendowu amaikamba okha kwa aliyense wodutsa. Amaikamba molakwika, chifukwa luzi langa salitchula, amangotchula nkhonya yawo, koma ndimawasiya. Anthu a ku Henga tsopano akukhulupirira za mawondo a ntchefu, poti wanena ndi munthu wofatsa.

Dzulo lomweli ndinali pakhonde pawo, ndikukalipira mbuzi za a neba zimene zinalowa m'chimanga, ndipo akuti mawu ankafika ku msewu waukulu. Ndinangomva dzanja likufufuza pabenchi, linandipeza pamkono, chala nkugogoda kawiri. Ndinasiya mawu pakati. Tinakhala pamenepo awirife, iwo akumvetsera, ine ndikuyang'ana phiri.